Laputopu ikayamba kuvuta: ndi hard disk imene ikufa, kapena mwalowa vairasi?



M'nyumba zambiri za kuno kunyanja tsopano muli laputopu, ndipo zochuluka ndi zogwiritsidwapo kale ntchito. Ina inabwera ndi m'bale wochokera ku Joni, ina inagulidwa ku Limbe kapena ku Lilongwe mwana atasankhidwa kupita kukoleji. M'makinawa timasungamo zinthu zimene sizigulitsidwa pamsika: zithunzi za nikah, kaundula wa ana a madrasa, maakaunti a geni ya usipa, pulojekiti ya mwana ya chaka chomaliza. Tsiku limene laputopuyo yayamba kuchedwa, kuima yokha kapena kukana kutsegula mafayilo, mawu oyamba amene timamva kwa ophunzira athu ngakhalenso kwa makolo ndi akuti "yalowa vairasi". Nthawi zina n'zoonadi. Nthawi zinanso mulibemo vairasi ndi imodzi yomwe, chimene chikudwala ndi hard disk, kachipangizo kamene kamasunga mafayilo onse.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa mankhwala a vuto limodzi amasanduka chiphe pa linzake. Antivirus ikamafufuza kompyuta yonse, imawerenga fayilo iliyonse kwa maola angapo osapumira. Disk yabwinobwino imapirira zimenezo. Koma pa disk imene yatsala pang'ono kufa, maola amenewo atha kukhala omaliza, ndipo mwawathera posaka vairasi imene kulibe m'malo mopulumutsa mafayilo. Komanso mukagula disk yatsopano pamene vuto ndi vairasi, mwataya ndalama, ndipo mukakopera zonse mosasankha mwangoisamutsira vairasiyo kunyumba yatsopano. Ndiye pali amisiri ena amene yankho lawo pa chilichonse ndi kufomata. Laputopu imabwerako ikuyenda, zithunzi za zaka khumi zitapita, ndipo ngati vuto linali disk, pakatha milungu ingapo yayambiranso.

Mmene hard disk imafera

Mkati mwa hard disk muli timbale tozungulira tosalala ngati galasi. M'malaputopu ambiri timazungulira ka 5400 pa mphindi imodzi, ndiye kuti ka 90 pa sekondi, pamene m'makompyuta ambiri apatebulo timafika ka 7200. Pamwamba pa mbale iliyonse pali kamutu kowerenga ndi kulemba, kamene sikagunda mbaleyo koma kamayandama pa mpweya, pa mpata wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi kuwirikiza masauzande. Mukamvetsa zimenezi, mudziwa chifukwa chake laputopu imene yagwa ili yoyaka, kapena imene imanyamulidwa pakabaza isanazime bwinobwino, imayamba kuvuta patapita masiku. Kamutu kaja kakakanda mbale, malo okandikawo sawerengekanso, ndipo tizinyenyeswa take timakanda malo ena.

Choncho chizindikiro choyamba ndi cha m'khutu. Usiku kukakhala zii, ikani khutu pafupi ndi pamene pamakhala zikhatho polemba. Disk yabwino imalira motsika ndi mosalala. Imene ikufa imamveka kuti "ke, ke, ke" mobwerezabwereza, kapena kukwecha, kapena kuyamba kuzungulira n'kuima, kuyambanso n'kuima. Musasokoneze ndi phokoso la fani, limene limakhala la mphepo ndipo limachokera kumene kumatulukira mpweya wotentha. Vairasi itha kuliritsa fani, koma kugogoda kwa mkati mwa disk ndi kwa chitsulo.

Chachiwiri, vuto la disk limakonda malo amodzi. Foda yomweyomweyo ndi imene imaimitsa kompyuta mukaitsegula. Mukamakopera vidiyo, imafika pakati n'kuima pamalo omwewo tsiku lililonse, kenako n'kubwera uthenga wonena za cyclic redundancy check. Chithunzi chimatseguka theka, theka linalo lotuwa. Poyatsa, Windows imayamba ndi kufufuza ndi kukonza disk kawirikawiri, kapena imangolemba kuti Boot device not found, koma mukazimitsa n'kuyatsanso imayaka ngati palibe chachitika. Kuyaka kwachiwiriko n'kumene kumanyenga anthu ambiri kuti vuto latha.

Disk iliyonse ya masiku ano imadzisungira yokha kaundula wa thanzi lake, wotchedwa SMART. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imene imawerenga kaundulayu m'masekondi ochepa popanda kuivutitsa disk. Imalemba Good pa mtundu wa buluu, Caution pa wachikasu, kapena Bad pa wofiira. Pamndandanda umene umaoneka pansi pake, yang'anani mizere itatu: Reallocated Sectors Count, amene ndi malo owonongeka amene disk yawasiya n'kusamukira pena, Current Pending Sector Count, malo amene ikukayikira, ndi Uncorrectable Sector Count, amene yalephereratu. Nambala ya kumapeto kwa mzere, pansi pa Raw Values, pa disk yabwino imakhala ziro. Ikakhala kuti si ziro, ndipo mawa mwaipeza yakwera, nkhani yatha: pulumutsani mafayilo lero lomwe.

Apa tichenjezane. Mu 2007 akatswiri a kampani ya Google anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ma disk oposa 100,000 a m'makompyuta awo. Anapeza kuti disk imene yaonetsa cholakwika choyamba powerenga mbale zake ili ndi mpata wofa m'masiku 60 otsatira wochuluka ka 39 kuposa imene sinaonetse. Koma anapezanso kuti pa ma disk 100 aliwonse amene anafa, pafupifupi 36 anafa SMART isananene kalikonse. Tanthauzo lake n'lakuti Caution ndi mboni yodalirika, koma Good si chitsimikizo. Disk ikamagogoda pamene pulogalamu ikuti Good, khulupirirani khutu lanu.

Malaputopu atsopano ambiri ali ndi SSD m'malo mwa hard disk. SSD ilibe mbale kapena kamutu, ndiye siilira ndipo siopa kugwedezeka. Imafa mwakachetechete: imayamba kukana kusunga zatsopano pamene zakale zikutseguka, kapena tsiku lina imangosowa osaonekanso. CrystalDiskInfo imaiwerenganso.

Vairasi imakhala ndi cholinga

Disk yakufa ilibe nzeru. Imawononga mwachisawawa, fayilo ya Windows kapena chithunzi cha agogo n'chimodzimodzi kwa iyo. Pulogalamu yoipa inalembedwa ndi munthu amene akufuna kanthu, ndipo zochita zake zimaonetsa dongosolo. Antivirus yazimitsidwa ndipo ikukana kuyaka. Task Manager ikutseguka n'kudzitseka yokha. Mukatsegula Chrome mukupezeka patsamba limene simunasankhe, zotsatsa malonda zikutulukira paliponse. Anzanu akukufunsani za uthenga wa pa Facebook kapena imelo imene inu simunatumize. Palibe disk yowonongeka imene ingatumize uthenga kwa mlamu wanu.

Imene timakumana nayo kwambiri kuno ndi ija ya shortcut. Mwana wapita ndi flash kokasindikiza mapepala, pobwera mafoda onse asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi, ndipo akulira kuti zonse zafufutika. Sizinafufutike. Vairasiyi imabisa mafoda enieni n'kuika timashortcut m'malo mwake, kuti mukadina kamodzi ilowe m'kompyuta yanu. Mukaona kukula kwa zimene zili m'flashimo mupeza kuti malo akadali odzaza. Musadine timashortcut timeneto ndipo musafomate. Amene amadziwa lamulo la attrib amabwezeretsa mafodawo m'mphindi zochepa, flash ikatsukidwa kaye ndi antivirus.

Yoopsa ndi ransomware, imene imakhoma mafayilo anu ndi kiyi wachinsinsi n'kufuna dipo. Dziko linaidziwa bwino pa 12 Meyi 2017, pamene WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko pafupifupi 150, mpaka zipatala zina za ku Britain kubweza odwala. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza mapasipoti inaima chifukwa akathyali analowa m'makompyuta a nthambi ya Immigration ndipo ankafuna dipo. Koma imene imagwira mabanja wamba ndi mtundu wotchedwa STOP kapena Djvu, umene umabwera kwambiri kudzera m'mapulogalamu okuba ndi timacrack totsegulira Office, Photoshop kapena magemu. Tikunena izi makolo akumva: pulogalamu "yaulere" imene imayamba ndi kukuuzani kuti muzimitse antivirus kuti ilowe, yakuuzani kale chimene ili.

Mafayilo okhomedwa ndi ransomware amakana kutseguka, ndipo apa ndi pamene munthu angaganize kuti disk yawonongeka. Kusiyana kwake kuli poyera. Mafayilo onse a Word, zithunzi ndi ma PDF amakana pamodzi tsiku limodzi, mayina ake onse awonjezeredwa timalemba tofanana kumapeto, m'mafoda muli kakalata kofotokoza za malipiro, pomwe Windows yeniyeniyo ikuyenda bwinobwino. Wakubayo amaisiya dala kuti muthe kuwerenga kalata yake ndi kulipira.

Palinso mavairasi amene amanamizira kufa kwa disk. Cha m'ma 2010 ndi 2011 kunafala banja la mapulogalamu limene Microsoft inalitcha FakeSysdef, lobwera ndi mayina monga HDD Defragmenter ndi System Fix. Ankabisa mafayilo a munthu, n'kumatulutsa mauthenga ofiira akuti hard disk yawonongeka kwambiri, kenako n'kupempha ndalama kuti "aikonze". Chinyengo chimenechi sichinathe, lero chimabwera ngati tsamba la pa intaneti lodzaza sikirini yonse, lolira alamu ndi kupereka nambala ya foni. Chenjezo lenileni la disk silipempha ndalama, silipereka nambala yoti muimbire, ndipo silituluka mkati mwa Chrome.

Botnet: wakuba amene safuna kuti mudziwe

Taganizirani munthu amene usiku uliwonse amamasula boti lanu padoko, kukagwirira nalo ntchito zake, n'kulibweza m'bandakucha musanadzuke. Sangalibowole ndipo sangawononge injini, chifukwa mawa akulifunanso. Zimene mungaone ndi mafuta kutha msanga ndi injini kukhala yofunda inu musanailize. Botnet imagwira ntchito chomwecho. Ndi gulu la makompyuta, mafoni, marauta kapena makamera a anthu osiyanasiyana amene alowetsedwa kapulogalamu komvera malamulo a munthu mmodzi ali kutali. Amawagwiritsa ntchito kutumiza maimelo achinyengo mamiliyoni, kukumba ndalama za crypto ndi magetsi anu, kubisa mapazi ake podutsira pa intaneti yanu, kapena kuwatuma onse nthawi imodzi kuti apanikize webusayiti ina mpaka igwe.

Yotchuka kwambiri ndi Mirai. Sinkafuna ukatswiri wozama: inkangoyendayenda pa intaneti kuyesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 amene makamera ndi marauta amabwera nawo kuchokera kufakitale, monga admin, ndipo inagwira zipangizo mazana a masauzande. Pa 21 Okutobala 2016 inagwiritsidwa ntchito kupanikiza kampani ya Dyn ya ku America, ndipo anthu ambiri analephera kutsegula Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu kwa maola. Mu Novembala chaka chomwecho, botnet ya mtundu womwewu inalunjikitsidwa pa kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia mpaka intaneti ya dzikolo inasokonekera. Munthu wa ku Britain dzina lake Daniel Kaye anavomera mlanduwu ndipo mu Januwale 2019 khothi la ku London linamulamula kukhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi 8. Eni ake a makamera ndi marauta amene anasokoneza intaneti ya dzikolo sankadziwa kanthu. Mu Juni 2025 bungwe la FBI linachenjezanso za BADBOX 2.0, imene imapezeka m'timabokosi totchipa ta Android toonera kanema pa TV, tina titalowetsedwa kale tisanagulitsidwe. Timabokosi ta mayina osadziwika tolonjeza matchanelo onse mwaulere tafika m'nyumba zambiri, ndiye chenjezoli ndi lathunso.

Choncho botnet kawirikawiri siwononga mafayilo. Zizindikiro zake zili pa bandulo ndi pa fani. Bandulo ya mwezi yatha m'masiku anayi popanda woonera mavidiyo. Timagetsi ta pa rauta kapena MiFi tikuphethira mosalekeza nyumba yonse itagona. Fani ikulira laputopu isakuchita kanthu, ndipo mapulogalamu ena okumba crypto ndi ochenjera moti mukangotsegula Task Manager amaima, fani n'kukhala chete, mukatseka amayambiranso. Google ikukufunsani pafupipafupi kuti mutsimikize kuti ndinu munthu chifukwa yaona zachilendo kuchokera pa netiweki yanu, ngakhale kuti ichi pachokha si umboni, popeza pa netiweki ya mafoni anthu ambiri amagawana adiresi imodzi.

Musanaweruze, pitani ku Settings, pa Network & Internet, muone Data usage. Pamenepo Windows imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi data imene yadya m'masiku 30 apitawa. Kawirikawiri wakuba bandulo amapezeka kuti ndi Windows yomweyo ikudzikonza, kapena OneDrive ikukweza zithunzi. Zikatero ikani netiweki yanu pa Metered connection, basi. Chodetsa nkhawa ndi dzina limene simukulidziwa litadya ma gigabyte.

Kuyesa kumene kumathetsa mkangano

Mfundo yake ndi imodzi: vairasi imakhala mkati mwa Windows ndipo botnet imafuna intaneti, pamene disk yodwala imadwala kulikonse. Ndiye muzichotsa chimodzichimodzi n'kuona ngati vuto latsala.

Yambani ndi kuzimitsa Wi-Fi. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, musankhe Disk. Ngati Active time yakhazikika pa 100% pamene liwiro lowerenga silikufika ngakhale 1 MB pa sekondi, ndipo Average response time ikukwera kufika masauzande a ma millisecond, ndiye kuti disk ikulimbana ndi malo amene ikulephera kuwerenga. Ngati disk ili phee koma CPU ili pamwamba chifukwa cha pulogalamu ya dzina lachilendo, kapena phokoso lonse latha mutangodula intaneti, kayikirani pulogalamu yoipa. Dziwani kuti laputopu yakale ya RAM ya 4 GB yokhala ndi hard disk imakhala pa 100% kwa mphindi zingapo ikangoyaka ngakhale ili bwino, ndiye ipatseni nthawi isanaweruzidwe. Mu Event Viewer, pansi pa System, mauthenga ochokera ku disk okhala ndi nambala 7 amanena za bad block. Akachuluka, ndi umboni wina wa disk.

Kenako tulukani mu Windows. Malaputopu a Dell ali ndi choyezera chawochawo chimene mumachipeza podina F12 poyatsa, a HP podina Esc kenako F2. Zoyezera zimenezi zimayenda Windows isanadzuke, ndiye vairasi wamba singazinamize. Sankhani kuyeza kwachidule, osati kwa maola. Ngati disk sikuoneka n'komwe mu BIOS, vuto ndi disk kapena polumikizira pake.

Kuyesa komaliza kumafuna flash ya 8 GB yoikidwa Linux Mint kapena Ubuntu, yokonzedwa pa kompyuta ina yoyera. Mukayatsa laputopu kuchokera pa flash imeneyi, Windows ndi mavairasi ake onse amakhala ali mtulo. Ngati tsopano zonse zikuyenda mwachangu ndipo mafoda anu akutseguka ndi kukopereka bwino, disk ili ndi moyo. Ngati foda ija ikuimabe pamalo paja, mwapeza wolakwa. Ubwino wake ndi wakuti muli pomwepo mutha kukopera mafayilo. Malaputopu ena atsopano amakhoma disk ndi BitLocker, ndipo adzafuna kiyi wa manambala 48 amene nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Mufunefuneni kiyiyo zinthu zisanavute.

Zitha kuchitika kuti mavuto onse awiri alipo, makamaka pa laputopu yakale imene yadutsa m'manja ambiri. Zithanso kuchitika kuti palibe ndi limodzi lomwe. Kutentha kwa Okutobala ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, kuphatikiza fumbi lotseka fani ndi chizolowezi choika laputopu pamatiresi, kumaichedwetsa ndi kuizimitsa yokha. Magetsi akazima mwadzidzidzi pa kompyuta yopanda batire, mafayilo amene amalembedwa nthawi imeneyo amawonongeka disk ili bwinobwino.

Mukakayika, chitani ngati ndi disk, chifukwa ndi imene siidikira. Lumikizani flash kapena disk yakunja, mukopere kaye zolemba, zimene ndi zazing'ono ndipo zimatha msanga, kenako zithunzi, mavidiyo pomaliza. Fayilo ikaima, idumpheni, musaikakamize. Musakopere mapulogalamu, chifukwa ndi mmene mavairasi amabisalamo. Musayendetse chkdsk kapena defragment musanapulumutse zanu. Disk ikamagogoda mwamphamvu, zimitsani ndipo musamayatseyatse kuti muone ngati yachira. Zoika disk mufiriji, kuimenya kapena kuitsegula ndi sikuludiraiva, zisiyeni. Kafumbi kamodzi n'kokwanira kukanda mbale.

Mafayilo akatetezeka, ndi pamene mungasake vairasi. Mu Windows Security muli Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa kompyuta n'kuifufuza Windows isanayake, pafupifupi mphindi 15. Ikapezeka pulogalamu yakuba kapena ya botnet, njira yodalirika ndi kuika Windows mwatsopano, ndipo mapasiwedi a imelo, Facebook ndi banki muwasinthe pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, osati yodwalayo. Rauta muibwezeretse mmene inabwerera kuchokera kufakitale n'kusintha pasiwedi ya admin nthawi yomweyo. Mirai imachoka chipangizo chikazimitsidwa, koma imabwereranso msanga pasiwedi ikakhala yomwe ija. Ikakhala ransomware, musafufute mafayilo okhomedwawo. Webusayiti ya No More Ransom, imene inakhazikitsidwa mu 2016 ndi apolisi a ku Netherlands, Europol ndi makampani a antivirus, ili ndi makiyi aulere a mitundu ina, ndipo ena amatuluka patapita zaka. Kulipira dipo sikutsimikizira kuti mulandira kiyi. Ndipo disk yakunja imene mumasungirako zinthu muziichotsa mukamaliza kukopera, chifukwa ransomware imakhomanso chilichonse chimene yachipeza chili cholumikizidwa. Amene akadali pa Windows 7 adziwe kuti Microsoft inasiya kuitumizira zotchinjiriza mu Januwale 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 inatha pa 14 Okutobala 2025.

Mukapita kwa okonza makompyuta, muwauze poyambirira kuti asafomate musanagwirizane, ndipo muwapemphe akuonetseni zimene SMART ikunena inu mukuona. Ngati disk ikuwerengekabe movutikira, afunseni ngati angaikopere yonse pa disk ina ndi pulogalamu ngati ddrescue, imene imayamba ndi malo abwino n'kubwerera ku owonongeka pomaliza. Akakuikirani SSD yatsopano, disk yakaleyo mubwere nayo kunyumba ngakhale atanena kuti yafa. Muli zithunzi za banja lanu ndi makope a ziphaso zanu, ndipo disk imene yakana kuyatsa Windows nthawi zambiri imawerengekabe m'manja mwa munthu wina.